Malo oonerapo NFL kuseri kwa Kamba: ntchito yawo njabwino, timu yanga ndiyo yandithetsa mphamvu

Ndikulemba izi mu Januwale 2026, pamene nyengo ya 2025 ya NFL, ligi ya mpira wa ku America, yatha kwa ife otsatira New York Jets. Anzathu akupitirira ndi ma playoffs, masewero olimbirana chikho, ife tapinda majezi ndi kuika m'sutikesi. Ndinalonjeza bambo amene akhala akutisunga Lamulungu lililonse kuyambira Seputembala kuti nyengo ikatha ndidzalemba za malo awo, zokoma ndi zowawa zomwe. Anavomera, koma anati dzina lawo ndisatchule. Malowo alibenso chikwangwani. Ali kuseri kwa Kamba, mphindi ngati 10 kuyenda pansi kuchokera pamene amaotcha nyama, geti lachitsulo lobiriwira. Mukafunsa anyamata a kabaza kuti kumene amaonetsa mpira wa zipewa zolimba ndi kuti, akufikitsani.

Ndi nyumba yakale imene anagumula khoma limodzi n'kusandutsa holo. Muli mabenchi a thabwa kutsogolo, mipando ya pulasitiki kumbuyo, TV yaikulu pakhoma la kum'mawa ndi ina yaing'ono pakona pafupi ndi firiji. Pakhomo timalipira K2,000, ndipo ukalowa masana sulipiranso ngakhale ukhale mpaka usiku. Anthu ambiri amabwerera mpira wa ku England ndi wa ku Spain. Ife a NFL tilipo 7 tikakwana tonse: ine wa Jets, anyamata awiri a Kansas City amene anadziwa mpirawu chifukwa cha Patrick Mahomes, mayi wina namwino amene anaphunzirako ku Philadelphia ndipo Eagles ndi mtima wawo, ndi ena atatu amene amangokonda masewerowo. Anthu 7 sangalipire intaneti ndi mafuta a jenereta. Ndimadziwa bwino kuti bambowa pa ife sapindula kwenikweni, ndipo n'chifukwa chake ndayamba ndi kuwathokoza.

Mmene amaonetsera ndi motere. Masewero amene ali pa ESPN timaonera pa dikoda. Koma Jets saionetsa kawirikawiri, timu yogonja ndani angaifune, choncho mwana wawo wamwamuna amalumikiza laputopu ku TV ndi chingwe, ndipo tonse tinasonkha kulipira pulogalamu ya pa intaneti yoonetsa masewero onse a nyengo. Masewero ambiri a Jets amayamba 1 koloko masana ku New York, kuno imakhala 7 koloko madzulo, ndipo kuyambira Novembala, iwo akabweza mawotchi awo, imakhala 8 koloko. Amatenga maola atatu ndi kanthu. Ndiye kuti m'ma 11 koloko uli panjira.

Ena amandifunsa kuti munthu wobadwira ku chipatala cha Queens, wokulira ku Zingwangwa, wopita ku Kamuzu Stadium kuyambira ali wa kabudula, Jets anaitola kuti. Ndinaitola pa kaunjika ku Limbe m'chaka cha 2010. Jezi yobiriwira, nambala 24, kumsana kolembedwa Revis. Ndinaigula chifukwa nsalu yake inali yolimba, basi. Mnzanga wina ku ntchito ndiye anandiuza kuti ameneyu ndi Darrelle Revis, wotchinga kumbuyo amene ma quarterback ankaopa kuponyera mbali yake. Ndinayamba kufufuza ku intaneti kafe, ndipo nyengo imeneyo timu inali yamoto. Mphunzitsi anali Rex Ryan, quarterback anali Mark Sanchez, ndipo anafika pa ndime yotsiriza ya AFC, imene ili ngati semifainolo ya chikho, kachiwiri motsatizana, n'kugonja kwa Pittsburgh 24-19 mu Januwale 2011. Ndinati basi, timu ndapeza. Chichokereni tsiku limenelo Jets sinapondenso ku ma playoffs. Nyengo 15 zotsatizana. Pofika kumapeto kwa nyengo ya 2025, panalibe timu ina mu NFL imene inali ikudikirabe nthawi yaitali chotero. Mwana wanga woyamba anabadwa chaka chomwecho, pano ali ku sekondale, ndipo sanaonepo timu ya bambo ake ikusewera mpira wa chikho.

Kwa inu a Maule ndi Manoma amene simunauonepo mpirawu, quarterback ndi munthu amene mpira umadutsa m'manja mwake pafupifupi nthawi iliyonse timu ikamaukira. Tangoganizani wapakati wogawa mipira, kaputeni ndi womenya mapenate ali munthu mmodzi, ndipo nthawi iliyonse akagwira mpira pali zimphona zinayi kapena zisanu zikuthamangira kudzamugwetsa. Ali ndi masekondi ngati atatu kuti aone amene wamasuka ndi kuponya. Akachedwa, amugwetsa mpira uli m'manja, ndiyo amati sack. Akaponyera mdani, ndiyo interception. M'chipewa chake muli kawailesi kamene mphunzitsi amamuuzira chochita. Ndiye zikalakwika, pamakhala funso limene timakangana nalo pa mabenchi aja sabata iliyonse: walakwa ndi woponya kapena womuuza?

Tsiku loyamba la nyengo, pa 7 Seputembala, malowa anandisangalatsa kwambiri. Mpira wa ku England unali pa tchuthi chifukwa cha masewero a mayiko, ndiye anatipatsa TV yaikulu ndi masipika onse awiri. Chithunzi chinali choyera, udzu wa MetLife Stadium ukuoneka ngati ungaugwire. Tinali kusewera ndi Pittsburgh, ndipo quarterback wawo anali Aaron Rodgers, amene tinangosiyana naye kumene. Wathu watsopano, Justin Fields, anali atachokera ku Pittsburgh komweko. Usiku umenewo Fields anasewera bwino, sindingabise. Anathamanga, anaponya, mpira unkachoka m'manja msanga. Tinagonja 34-32 Chris Boswell atamenya field goal, chigoli cha phazi cha mapointi atatu, ya mayadi 60, Rodgers ataponya ma touchdown anayi, zigoli zofikitsa mpira kumapeto kwa bwalo, koma ndinakwera njinga kubwerera ku Zingwangwa mtima uli m'malo. Ndinauza mayi a Eagles aja kuti, "Amayi, chaka chino tili ndi timu." Anangoti, "Achimwene, dikirani kaye, ndi tsiku limodzi ili."

Za chakudya ndinene pompano ndisanaiwale. Akazi awo a bambowa ndiwo amayang'anira chiwaya kuseri. Tchipisi chawo n'cha mbatata ya kachewere yeniyeni ya ku Ntcheu, chodula mokulirapo, chouma bwino kunja, ndipo mafuta sawabwereza mpaka kuda. Mbale imodzi ndi saladi wa kabichi ndi K4,000. Kanyenya wa mbuzi amabwera wotentha, ndi mchere ndi kambuzi wosinja pambali. Mang'ina amaphika Lamulungu lokha, ndipo ikamakwana 8 koloko amakhala atatha, ndiye ngati mukuwafuna uzani achemwali otumikira mukangolowa akusungireni. Chimene chinandigwira mtima ndi tiyi. Ine mowa ndinasiya, ndipo m'malo ambiri oonera mpira munthu wosamwa amakhala ngati wabwera kudzatha mpando. Pano anandiona sabata ziwiri ndikumwa Fanta usiku, sabata yachitatu mayi anabweretsa fulasiki ya tiyi wamkaka osawapempha. Kuyambira pamenepo fulasikiyo imandidikira. Nkhuku yokha ndiyo sindingaiyamikire: kawiri konse inali yofiira pafupa.

Tsopano ndifike pa tsiku limene mpaka lero limandiwawa, pa 12 Okutobala. Jets inali ku London, pa bwalo la Tottenham, kusewera ndi Denver. Masewero a ku London amayamba hafu pasiti 3 masana kuno, nthawi yabwino, dzuwa lili phwee. Mpira wa ku England unalinso pa tchuthi, ndiye anyamata a Arsenal ndi Manchester United amene anazolowera kukhala pamenepo Lamulungu anabwerabe, opanda chochita. Holo inadzaza, anthu oposa 30, kutentha kwa Okutobala, mafani awiri akupukusa mpweya wotentha womwewo. Bambo mwini malo anandiitana nati, "Achimwene, khalani kutsogolo muziwafotokozera anzanuwa, mwina tingawakope." Ndinavala jezi ya Revis ija, manambala atayamba kusupuka, ndipo ndinaima n'kufotokoza za mayadi 10, mwayi unayi, touchdown mapointi 6. Anthu anamvetsera. Ndinali ndi chimwemwe ngati cha munthu amene akuonetsa alendo munda wake.

Zimene anaona anthu aja ndi izi. Fields anagwetsedwa ka 9. Mipira imene anaponya n'kugwiridwa inapita mayadi 45 okha masewero onse, ndipo ukachotsera mayadi amene anataya pogwetsedwa, timu inatsala ndi mayadi 10 kunsi kwa ziro. Ndiye kuti tikanapanda kuyesa kuponya n'komwe, tikanakhala patsogolo. Touchdown panalibe. Mapointi athu 11 anachokera ku phazi la Nick Folk, bambo wa zaka 40, ndi safety imodzi, mapointi awiri amene timu imapeza mdani akagwetsedwa kapena akalakwitsa kumapeto kwa bwalo mbali yake. Otchinga athu anagwira ntchito, Denver anaipanikiza mpaka inangopeza 13. Masewero amenewo anali m'manja, ankangofuna munthu woponya mpira kawiri kapena katatu pamalo oyenera.

Nthawi iliyonse Fields akabwerera m'mbuyo ndi mpira, ndinkawerenga chamumtima: wani, thu, fili. Mpira ukadali m'manja. Folo. Wagwa. Mnyamata wina wa Arsenal kumbuyo kwanga, amene anali asanauonepo mpirawu chibadwire, anafunsa mokweza kuti, "Madala, bwanji sakungoutaya kunja akaona kuti zavuta?" Funso limenelo linandilasa, chifukwa ndi loona. Lamulo limalola kutero ukatuluka pakati paja. Munthu wa mphindi 40 pa mpirawu anaona chimene quarterback wa chaka chachisanu mu ligi sankachita.

Koma chimene chinandikwiyitsa koposa si Fields. Chakumapeto kwa hafu yoyamba tinali ndi mpira chapakati pa bwalo, nthawi ikadalipo yoti n'kuyesa kanthu, ndipo aphunzitsi anangolola wotchi kuyenda mpaka kutha. Osayesa ngakhale kuponya kamodzi patali. Kamera inaonetsa Garrett Wilson, wolandira mipira wathu wabwino kuposa onse, akulankhula mokwiya ndi mphunzitsi Aaron Glenn akutuluka m'bwalo. Ine Loweruka ndimaphunzitsa ana osakwana zaka 14 pa bwalo lafumbi kwathu, ndipo chinthu chimodzi ndikuchidziwa: ana amaona msanga ngati mphunzitsi wawo wachita mantha. Ukawauza kuti bwererani nonse kumbuyo pamene mukutsalira ndi chigoli chimodzi, wawauza kuti suwakhulupirira, ndipo mawa sadzakuthamangiranso. Glenn tsiku limenelo anauza timu yonse kuti quarterback wake samukhulupirira. Chabwino. Nanga ngati sumukhulupirira, umusiyiranji m'bwalo mpaka kumapeto pamene quarterback wina, Tyrod Taylor, wakhala pa benchi atavala zonse? Sankha chimodzi. Kapena umukhulupirire umulole asewere, kapena umutulutse. Kumusunga m'bwalo manja utamumanga ndi kulanga munthu pamaso pa anthu.

Masewero atatha holo inakhuthuka mwakachetechete. Mwa anthu 30 aja palibe ndi mmodzi yemwe amene anabweranso kudzaonera NFL. Bambo mwini malo anataya makasitomala amene akanawapeza, chifukwa cha timu yanga. Anandibweretsera tiyi okha, n'kukhala pambali panga osalankhula kanthu, mpaka mwana wawo anazimitsa laputopu.

Sabata yotsatira tinagonja kwa Carolina 13-6, Fields anamutulutsa pa hafu, ndipo tinafika pogonja masewero 7 oyamba onse. Mwini timu, Woody Johnson, anadandaula pamaso pa atolankhani za kaponyedwe ka Fields. Apanso mtima wanga unakana. Munthuyu munamupatsa kontirakiti ya zaka ziwiri ya madola 40 miliyoni mukudziwa kuti ndi ndani. Aliyense amene anamuona ku Chicago akudziwa kuti miyendo ali nayo, mu 2022 anathamanga mayadi oposa 1,100, koma mpira amachedwa nawo m'manja. Si chinsinsi. Ukagula njinga ya kabaza sudandaula kuti ikukanika kunyamula matumba 50 a simenti. Ntchito ya Tanner Engstrand, amene ankakonza kaukiridwe, inali yomupangira masewero omuyenera: kumuthamangitsa, kumutulutsa m'mbali, mipira yaifupi yachangu, monga anachitira tsiku la Pittsburgh lija. M'malo mwake tinkamuona ataima pakati kudikira njira zazitali kuti zitseguke, zimphona zikubwera.

Ndipo nkhaniyi sinayambe ndi Fields. Geno Smith tinamutenga mu 2013, tinamutaya, anakadzuka ku Seattle mu 2022. Sam Darnold tinamusankha pa nambala 3 mu 2018 pa draft, mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu amasankha osewera achinyamata, tinamupatsa mphunzitsi Adam Gase, timu inapambana masewero awiri okha mu 2020, tinati mnyamatayu ngwachabe. Mu 2024 Darnold yemweyo anapambana masewero 14 ndi Minnesota, ndipo amodzi mwa amenewo anatigonjetsa ife ku London 23-17, Rodgers ataponya ma interception atatu. Patangopita masiku awiri mphunzitsi Robert Saleh anachotsedwa ntchito. Zach Wilson tinamusankha pa nambala 2 mu 2021 n'kumuponya m'madzi akuya tsiku loyamba lomwe, popanda wamkulu womuphunzirako. Atamira tinathamangira Rodgers mu 2023, munthu wa zaka 39, n'kumubweretsera anzake ndi aphunzitsi a kumtima kwake. Usiku umenewo ndinadzuka 2 koloko kuonera pa foni, ndipo pa sewero lachinayi lokha mtsempha wa chidendene unaduka. Nyengo yotsatira anasewera yonse, tinapambana 5, kugonja 12. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Aphunzitsi nawonso chimodzimodzi: Ryan, Todd Bowles, Gase, Saleh, Jeff Ulbrich wogwirizira, pano Glenn. Aliyense amabwera ndi buku lake, quarterback amayambiranso kuphunzira chilankhulo chatsopano. Mbewu zikamafera m'munda mwako koma zikapita kwa mnansi n'kubala, usamangosintha mbewu, yang'ana dothi. Ine ndikuti vuto la Jets lili pa kaleredwe. Ma quarterback sakuleredwa, akungogulidwa n'kutayidwa.

Ndibwerere ku malo aja, chifukwa nawonso ali ndi zofooka zawo ndipo ndinalonjeza kunena. Choyamba ndi kulimbirana TV. Mpira womaliza wa ku England Lamulungu umatha patapita mphindi ngati 25 wathu atayamba, ndiye chigawo choyamba timayambira pa TV yaing'ono ya pakona, opanda mawu, firiji ikulira pambali. Ndikumvetsa, iwo ndiwo ambiri, koma TV imeneyo ndi yaing'ono kwambiri moti manambala a pansi oonetsa mayadi otsala sawerengeka ukakhala pa mzere wachiwiri. Chachiwiri ndi denga. Mulibe siling'i, ndiye mu Disembala mvula ikayamba pa malata, mawu a ofotokoza mpira sumvanso, ndipo pakona ya kumadzulo pamadontha. Chachitatu, masewero oyamba itadutsa 12 koloko usiku satsegula. Awiri athu, la ku Miami ndi la ku New England, ndinaonera pa foni kunyumba bandulo ikutha ngati madzi. Chachinayi ndi chimbudzi: n'chaukhondo masana, koma anthu a mpira wa ku England akachoka palibe amene amachiyang'ananso, ndipo mayi a Eagles aja anadandaulapo kangapo kuti chitseko chilibe loko.

Koma apa ndi pamene bambowa ndimawapatsira ulemu. Loko anaika sabata yomweyo. Intaneti inkaduladula mu Seputembala, chithunzi n'kuima mpira uli m'mwamba, ndipo titadandaula sanatsutse. Anakhala pansi ndi mwana wawo, anapeza kuti rauta ili m'chipinda cha kuseri ndipo anthu onse a pa chiwaya akuigwiritsa ntchito, anaisamutsa, anasintha pasiwedi, anakoka chingwe mpaka pa laputopu. Kuyambira pamenepo inaima kawiri kokha, konse kuli mvula ya mabingu. Magetsi akazima, jenereta imalira pasanathe mphindi ziwiri, ndipo laputopu siizima, ndiye sutaya kanthu. Nthawi imene mafuta ankavuta mumzinda, mizere ya magalimoto itafika patali, bambowa ankasunga malita angapo padera n'kunena kuti awa ndi a anthu a Lamulungu usiku. Tsiku lina tinatsala anthu awiri okha, ine ndi mnyamata wina, Jets ikugonja ndi mapointi ambiri, jenereta ikumwa mafuta. Ndinawauza kuti, "Bambo, zimitsani, tikuwonongerani mafuta." Anayankha kuti, "Mwalipira masewero onse, muonera onse."

Za ulendo wobwerera, minibasi nthawi imeneyo kulibe. Ali ndi anyamata awiri a njinga zamoto amene amawadziwa bwino, amawaimbira chigawo chomaliza chikayamba, ndipo mlonda amakuperekeza mpaka pa geti ndi tochi. Miyezi inayi yonse palibe amene anaberedwa kapena kuvutitsidwa. Amene muli ndi galimoto, mkati mumalowa atatu okha.

Usiku umodzi wokoma tinaupeza, pa 26 Okutobala. Linali tsiku la El Clasico, Real Madrid itagonjetsa Barcelona 2-1, ndipo holo inali ndi phokoso la mtsutso mpaka m'ma 8 koloko. Ife tinali pakona pathu kuonera Jets ku Cincinnati. Tsiku lomwelo tinamva za imfa ya Nick Mangold, amene ankaima pakati pa mzere woteteza quarterback m'timu ija ya 2010, atamwalira ali ndi zaka 41. Ndinali wosweka mtima masewero asanayambe. M'chigawo chomaliza tinali kumbuyo 38-24. Kenako Breece Hall anathamanga n'kugoletsa, Fields anapeza mapointi awiri owonjezera, ndipo kutatsala mphindi zosakwana ziwiri Hall yemweyo, amene ntchito yake ndi kuthamanga, anaponya mpira kwa Mason Taylor. 39-38. Ndinakuwa mpaka mayi anatuluka ku chiwaya ndi chipande m'manja kudzaona chachitika. Anyamata a Kansas City anandinyamula. Fields usiku umenewo sanagwetsedwe ngati ku London, mpira unkachoka msanga, aphunzitsi anayesa zinthu molimba mtima. Ndiye nzeruzo zinalipo. Zinali kuti masabata 7 onse aja?

Patangotha masiku ochepa, pa 4 Novembala, anagulitsa Sauce Gardner ku Indianapolis ndi Quinnen Williams ku Dallas, osewera athu awiri abwino kwambiri kumbali yotchinga, posinthana ndi mwayi wosankha achinyamata pa draft za 2026 ndi 2027. Ndi mutu ndikumvetsa, timu imene yagonja chotero iyenera kumanganso. Koma mwayi wosankha ndi wabwino ngati uli ndi anthu odziwa kulera amene wawasankha, ndipo mbiri yathu ndaifotokoza kale. Fields anamukhazika pa benchi mu Novembala, Tyrod Taylor analowa n'kuvulala, ndipo nyengo tinamaliza ndi Brady Cook, mnyamata amene palibe timu inamusankha pa draft. Iyeyo sindimudzudzula, anamutuma ntchito yoposa msinkhu wake. Tinagonjetsa Cleveland ndi Atlanta, basi. Disembala yense tinkangokwapulidwa. Jacksonville inatithira 48, ndipo Steve Wilks, woyang'anira otchinga, anachotsedwa. Tinamaliza ndi kupambana katatu, kugonja ka 14.

Ndipo pali nambala imodzi imene ndimati ndikaiganiza tulo timatha. Masewero 17 onse, otchinga a Jets sanagwire interception ngakhale imodzi. Ziro. Glenn mwini wake anali cornerback wa timu yomweyi, anasankhidwa ndi Jets mu 1994, ntchito yake inali yolanda mipira m'mwamba, ndipo anabwera kuchokera ku Detroit monga katswiri wa zotchinga. Pa tsiku lomaliza ku Buffalo, tonse 7 tinalipo, ngakhale a matimu ena, ndipo nthawi iliyonse mpira ukaponyedwa tinkaimirira kuti mwina lero. Sizinatheke. Sindikunena kuti Glenn achotsedwe pakutha chaka chimodzi, chifukwa kuchotsachotsa komweko ndiko kwatifikitsa pano. Ndikufuna kumuona akuvomera kuti ku London analakwitsa, apeze munthu wodziwa kuphunzitsa quarterback, ndipo akasankha mnyamata mu Epulo asamuthamangitsire m'bwalo asanapse. Amupezere wamkulu woti aziphunzirako, amupatse mzere womuteteza, amupatse mphunzitsi mmodzi kwa zaka zitatu.

Malowa ndikuwapatsa 4 pa 5. Ndachotsapo imodzi chifukwa cha denga, TV ya pakona ndi nkhuku ija. Ngati mumakonda NFL ndipo mwatopa kuonera nokha pa foni ana atagona, bwerani. Fikani isanakwane 7 koloko kuti mupeze mang'ina, tengani juzi chifukwa usiku pakhomo paja pamawomba mphepo yochokera ku phiri la Soche, ndipo ndalama ya njinga yobwerera muisunge padera. Bambowa avomera kutsegula usiku wa Super Bowl, fainolo ya chikho, umene kuno umayamba cha m'ma hafu pasiti 1 m'bandakucha wa Lolemba, ngati tikwane anthu 10 olipiriratu. Pakadali pano talembetsa 8. Ati akapeza ya siling'i ayamba ndi mbali ya kumadzulo kumene kumadontha, ndipo ine ndalonjeza kudzathandiza kukhoma Loweruka ndikachoka kwa ana ku bwalo.